Tsiku Limene Mayi Anandilira Ndili Moyo

Ndikukumbukira bwinobwino chaka chimene ndinamwalira. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo imfa yakeyo ndinachita kulimbirana ndi atsikana anzanga a m'kalasi, chifukwa inali imfa yokongola, ya pasiteji, mu holo ya sukulu yathu ya sekondale ku Armadale. Aliyense ankaifuna, koma inagwera ine Tadala, mwana wa ku Kasungu yemwe anafika ku Perth, m'dziko la Australia, ali kale wamkulu woti n'kutumika kuchigayo. Vuto linali limodzi lokha. Mayi anga anali atalumbira kuti ine sindifa.

Ku Armadale sitinayambire kumeneko ayi. Tinkakhala ku Joondalup, m'nyumba ya zimbudzi ziwiri, nthawi imene migodi ya kumpoto inkasanza ndalama. Bambo anga anali makaniko wa zimagalimoto zikuluzikulu zonyamula miyala. Ankakwera ndege popita kuntchito ngati mmene ena amakwerera minibasi, n'kukakhala kumeneko masabata angapo, n'kubwerako atafiira ndi fumbi mpaka m'makutu. Masiku amenewo Mmalawi aliyense wa kumigodi anali bwana, ndipo Lamlungu kutchalitchi magalimoto ankachita kuyang'anizana ndi diso lakumbali. Bambo anga, munthu wosadziwa kusambira ngakhale m'bafa, anagula bwato. Linakhala pakhomo litafunda lona, kudikira tsiku loti mwiniwake alimbe mtima. Tsikulo lisanafike, mabwana a kumigodi anayamba kudandaula kuti mtengo wa chitsulo wagwa, ndipo Lachisanu lina bambo anatsika ndege ndi katundu wawo yense, nsapato zantchito zili m'manja. Chakudza sichiimba ng'oma. Bwato linapita, galimoto yaikulu inapita, ife tinasamukira ku Armadale komwe lendi inali ndi kachifundo pang'ono.

Kuyambira pamenepo banja lonse linatsamira pamsana pa mayi. Iwo ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza makolo a anthu ena, ndipo shifiti iliyonse imene mnzawo waikana ankailandira ndi manja awiri. Bambo anatsala pakhomo. M'mawa ankafunsira ntchito pa kompyuta, masana n'kumakonza zinthu zosawonongeka. Ketulo yathu anaimasula kangapo konse mpaka inawonongekadi.

M'chaka chomvetsa chisonicho, mphunzitsi wathu wa Chingerezi, Mayi Doyle, anaona kuti chimene ana a anthu ochotsedwa ntchito akusowa ndi sewero lomvetsa chisoni. Anali mzimayi wovala mikanda ikuluikulu, wokonda kulira akamawerenga mokweza. Anasankha sewero lija lakalekale la ku Mangalande, la mnyamata ndi mtsikana a m'mabanja odana, omwe amaonana lero, mawa akwatirana mobisa, mkuja onse awiri ndi mitembo. Chingerezi chake chinali choti ngakhale eni chiyankhulo ankafunsana tanthauzo. M'menemo munthu sangangonena kuti wakusowa. Ayambe waitana mwezi, adandaulire nyenyezi, atukwane usiku chifukwa chofupika, ndipo pofika pa mfundo yeniyeni tsamba latha.

Ine ndinachikonda Chingerezi chimenecho kuposa chakudya. Kwathu chikondi chinkayankhulidwa ndi mafunso awiri basi, "Mwadya?" ndi "Mwakhoma chitseko?" Sindinamvepo bambo akuitana mayi ndi dzina lina kupatula amake Tadala, ndipo anthu awiriwa akagundana mwangozi m'khitchini ankapepesana ngati alendo m'basi. Tsono kupeza kuti kunja kuno kuli anthu okondana mpaka kudzibaya, ndinaona ngati makolo anga akhala akundibisira theka la dziko.

Wondikonda wanga wa m'seweromo anali Jayden, mnyamata wamtali ngati mlongoti, wonunkha tchipisi cha viniga, yemwe ankandiuza kuti moyo wake ndi wopanda pake popanda ine kwinaku akuyang'ana wotchi ya pakhoma. Iyeyo sindinamukonde ngakhale pang'ono. Chimene ndinkakonda ine chinali mapeto, pamene ndinkapeza Jayden atafa, n'kutenga mpeni wa labala, n'kuyankhula mawu anga otsiriza, n'kugwa pang'onopang'ono holo yonse ikundiyang'ana. Kagwedwe kameneko ndinkakayeserera kuchipinda kwanga, pa matiresi, mpaka mawondo anachita zipsera.

Pokawauza makolo, mantha anga anali pa nkhani yopsompsonana. Ndinakonzekera mayankho ake onse ngati loya. Koma mayi anangoti ndidzatsuke mkamwa ndikamaliza, n'kupitiriza kudya.

"Ndiye kumapeto kwake akwatirana bwinobwino?" anafunsa choncho.

"Ayi Mami, amafa."

"Afa ndani?"

"Tonse awiri. Ine ndimadzibaya."

Mayi anaika sipuni pansi. "Iwe Tadala, ukagone chagada pamaso pa anthu, manja m'mbali, ngati mtembo? Mwana wanga yemweyu? Amenewo ndi malodza. Imfa sachita kuikodola, ili ndi makutu."

Ndinawayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikafuna kuoneka wanzeru, kuti zimenezo n'zikhulupiriro zachikale. Iwo anati Chizungu changacho ndikachiyankhulire mtembo mnzanga.

Bambo, poti nthawi anali nayo yambiri, anatenga bukulo n'kuliwerenga lonse masiku awiri. Atamaliza analitseka mokwiya ngati wina wawabera. Iwo imfa sinawavute, chinawavuta ndi kusalongosoka kwa mabanjawo. Ana awiriwa analibe amalume awo? Ankhoswe anali kuti? Nkhani yongofunika akuluakulu anayi, mphasa ndi nkhuku imodzi, azungu anaisiya mpaka kutha ana. Nditawafotokozera zimene Mayi Doyle ankatiphunzitsa, zoti ana aja tsoka linawalemba kale asanabadwe ndipo palibe akanalitchinga, bambo anaseka chiseko chopanda mano. Anati iwo tsoka analiona ndi maso, linabwera ku mgodi litavala tayi, ndipo silinalakatule ndakatulo ngakhale imodzi.

Mayi sanali munthu wotsutsa nkhani ali pampando. Tsiku lina atatsika shifiti ya m'mawa anatulukira kusukulu, akadali mu yunifolomu, nthawi imene tinkayeserera sewero. Anapereka moni mwaulemu kwa Mayi Doyle, kenako anayamba kunenerera ngati ali pamsika. Kodi mtsikanayo sangangokomoka, ambulansi n'kubwera? Ngati n'kovuta, sangadwale kwambiri koma n'kuchira? Nanga ngati kufa kuli kokakamiza, sangafe atakhala pampando, maso ali otsegula pang'ono? Anzanga ankaluma milomo kuti asaseke. Ine ndinkapempha nthaka kuti ing'ambike ndilowemo.

Mayi Doyle anagwira mikanda yawo ya pachifuwa n'kufotokoza, maso ali ndi misozi kale, kuti kukoma kwa seweroli kuli pomwepo. Oonerera amauzidwa pachiyambi penipeni kuti ana awa afa, ndipo amaonerera mpaka kumapeto osatha kuchitapo kanthu. Anati zakhala choncho kwa zaka mazanamazana.

"Ndiye anthu onsewo amadziwa kuti ana akukafa," anatero mayi, "n'kungokhala phee pamipando kumadya chokoleti?"

Mapeto sanasinthidwe. Tili pa siteshoni kudikira sitima, mayi anandiuza modekha, ndipo kudekha kwawoko n'kumene kunkaopsa. "Chabwino, kafe. Koma ukadzangogona pamenepo, ine ndidzakwera ndekha kudzakudzutsa pamaso pa azungu ako onsewo." Mayi anga sankaopseza zabodza. Ndinadziwa kuti ndikapitiriza, tsiku langa lalikulu likhoza kudzasanduka tsiku loti sukulu yonse izidzandikumbukira nalo mpaka ndidzakalambe. Ndinapitirizabe. Bambo ndiwo ankandiperekeza kokayeserera, mwina chifukwa kunali kokhako kumene wina ankawadikira pa nthawi yake.

Kutatsala masabata ochepa kuti tichite seweroli, foni ya mayi inalira m'mawa tikumwa tiyi. Kwathu ku Malawi kunali kusanache, ndipo foni ya nthawi imeneyo siibweretsa moni. Agogo anga, mayi awo a mayi, anali atagona akudandaula mutu, osadzukanso. Anali mayi wa bizinesi, wogulitsa tomato ndi usipa pamsika wa Kasungu, wa pakamwa pakuthwa, woti akakupatsa shuga ankayang'ana sipuni ngati ikumubera. Mayi anali asanawaone chichokereni kumudzi. Chaka chilichonse ulendo unkakhala wa chaka chamawa, poyamba chifukwa ntchito inachuluka, kenako chifukwa ntchito inatha.

Kupita kunali kosatheka, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa chifukwa chake ngakhale panalibe wochitchula. Ulendo wake ndi wa masiku awiri, kumudzi kunkatentha ndipo abale sakanasunga thupi, tiketi ya mwadzidzidzi inkafuna zimene tinalibe, komanso mashifiti a mayi akanagawidwa kwa ena iwo asanafike n'komwe pabwalo la ndege. Tsiku limenelo ndinawamva bambo ali okha m'galaja, akutukwana bwato lomwe linali litagulitsidwa kalekale.

Maliro tinawachitira ku Armadale komweko, mmene Amalawi a kuno timachitira. Mipando ya pabalaza inatulutsidwa panja. Amayi anakhala pansi m'nyumba atavala zitenje pamwamba pa mathalauza a kuntchito, abambo anakhala m'galaja, oyandikana nafe n'kumasuzumira pa mawindo kuwerenga magalimoto omwe aponda kapinga wawo. Zonse zinalipo, nyimbo, tiyi, ulaliki wautali. Chimene panalibe ndi mwini maliro. Pakati pa chipinda, pamene pakanagona agogo, panali foni yotsamizidwa ku fulasiki, ndipo msuweni wanga wina kumudzi ankatijambulira mwambo. Netiweki inkadukaduka. Bokosi linkaima m'malere, adzukulu atayasama kukamwa, kenako chithunzi n'kubwerera anthu atayamba kale kukwirira.

Mayi sanalire. Ankathira tiyi, kuyankha mafoni, kutsuka makapu, kufunsa ngati abambo panja alandira buledi. Mayi Chirwa, mtsogoleri wa amayi a kumpingo kwathu, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe, anawakokera pansi n'kuwagwira phewa.

"Lirani amake Tadala. Musasunge zimenezi m'mimba, zimadwalitsa."

"Ndilire chiyani?" anatero mayi. "Foni?"

M'mawa mwake anavala duku lakuda pamwamba pa yunifolomu n'kupita kukasambitsa amayi a eni ake.

Za sewero sanatchulenso, ndipo chetechete ameneyo anandiopsa kuposa kukalipa. Sananene kuti imfa ija ndinaikodola ndine. Koma tsiku lina anandipeza ndikuyeserera kugwa pa matiresi paja, anaima pakhomo, anandiyang'ana, n'kutseka chitseko mwakachetechete. Mtima unandipweteka kwambiri, ndipo ndinalira. Kusiya seweroli ndiye sindinasiye. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amatha kulira agogo ake ndi mtima wonse, kenako n'kuthamangira pagalasi kukaona mmene nkhope yolira imaonekera.

Seweroli linachitika Loweruka masana. Holo inkanunkha polishi ndi mafuta onunkhira a makolo. Nditasuzumira kuseri kwa katani, ndinaona bambo atavala suti yawo ya masiku a migodi, yomwe tsopano inkawakhwepa. Pambali pawo panali mayi, duku lakuda kumutu, chitenje m'chiuno. Anabwera ndi Mayi Chirwa ndi amayi ena awiri a kumpingo, onse atakhala mzere wachiwiri, zikwama pamiyendo, nkhope zili gwa ngati abwera kudzazenga mlandu. Ndinadziwa kuti abwera ndi mboni.

Ndisaname, ndinasewera bwino. Ndinakonda Jayden ndi Chingerezi chonse chimene Mulungu analenga. Ndinadandaulira usiku, ndinakangana ndi makolo anga a m'seweromo, ndinalumbira malumbiro oti kwathu ukanawalumbira akanakuitanira abusa. Popsompsonana ndinamva Mayi Chirwa akuti "Hiii!" koma panalibe anadzuka. Kenako inafika nthawi yanga. Jayden anali gone kale pansi. Ndinakweza mpeni wa labala uja, ndinayankhula mawu anga otsiriza mawu akunjenjemera pamlingo woyenera, ndinadzibaya, n'kugwa pang'onopang'ono monga ndinayeserera miyezi yonse ija. Holo inati zii. Ndinagona chagada nditatsinzina, mtima ukuvina ndi chimwemwe.

Chimene wolemba sewero sanaganizire n'choti akufa amatsala pansi nthawi yaitali amoyo akulankhula. Makolo a mbali zonse amabwera, akuluakulu a mzinda amabwera, aliyense ndi tsamba lake la Chingerezi, kufotokozerana zimene oonerera aona kale. Mitembo iwiri ili pomwepo pansi, popanda woifunditsa, popanda wokhala nayo pafupi, anthu akuidumpha ngati matumba a chimanga. Thabwa linkazizira kumsana. Mimba ya Jayden inkalira pafupi ndi khutu langa. Diresi yanga inali itakwera mpaka pamwamba pa mawondo pamene ndinkagwa, ndipo wakufa sakonza diresi.

Ndipamene ndinamva mpando ukukhuluka mu mzere wachiwiri. Kenako mapazi, osathamanga, akubwera. Anakwera masitepe a m'mbali mwa siteji. Mnyamata amene ankalankhula anaima pakati pa chiganizo.

"Mayi ako awa?" ananong'ona Jayden, milomo osaigwedeza.

Ndinakukuta mano, misozi yaukali itadzaza m'zikope. Ndinadikira dzanja loti lindigwire pamkono n'kundiimiritsa ngati mwana wogona m'tchalitchi. Ndinamva fungo lawo, sopo wa kuntchito kwawo uja wosakanikira ndi mafuta odzola, ndipo ndinawamva akugwada.

Sanandigwire pamkono. Anayambira kumapazi. Anagwira zidendene zanga ndi manja ofunda, n'kuwongola miyendo, n'kuigundanitsa bwinobwino. Anatsitsa diresi ija mpaka kuphimba mawondo. Anatenga mkono wanga umene ndinautaya mwaluso pamwamba pa mutu, n'kuugoneka m'mbali mwa thupi, kenako winawo. Anachotsa mpeni wa labala m'dzanja langa n'kuuika patali. Anandiwongola khosi, anandipukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu, n'kudutsitsa chikhatho chawo pazikope zanga zotsinzina kale. Manjawo ankadziwa ntchito yawo. Kenako ndinamva chitenje chikundifunda kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, chikadali ndi kutentha kwa thupi lawo. Anakhala pansi chakumutu kwanga n'kutambalala.

Mawu amene anatuluka pamenepo ndinali ndisanawamvepo kwa mayi anga. Anayambira pansi penipeni, ngati chinthu chikung'ambika, n'kukwera mpaka kudenga la holo.

"Amayi anga ine! Mayo, amayi anga ine!"

Dzina langa sanalitchule. Dzanja lawo linali pamphumi panga, koma ankalankhula ndi wina. Anawauza agogo zonse. Mwapita osandiona, amayi. Ndinkati chaka chamawa, chaka chamawa, chaka chamawacho ndi chimenechi? Ndasambitsa amayi a eni ake dziko la eni ake, inu anakusambitsani ndani? Anakutsekani maso ndani? Mwana wanu ndinali kuti ine? Analira mobuma, mmene amalirira kwathu, thupi lonse likugwedezeka, ndipo misozi ina inkagwera pa tsaya langa.

Ukali wanga unathera pomwepo. Ndikanatha kudzuka. Ndikanatha kutsegula maso n'kunena kuti Mami, anthu akutiona. Koma ndinamvetsa, mmene mwana amamvetsera zinthu ndi khungu mutu usanamve, kuti mayi anga apeza thupi loti alilire, ndipo thupilo ndi langa. Ndinachepetsa mpweya mpaka chifuwa chinasiya kukwera. Ndinalemeretsa manja ndi miyendo. Mphuno inkandiyabwa koopsa koma sindinaikande. M'miyezi yonse ya Mayi Doyle sindinasewereko bwino ngati mphindi zimenezo.

Maliro n'kulirana. Mayi Chirwa sakanalola mnzawo kulira yekha pagulu, ngakhale gulu lake likhale la azungu ogula matiketi. Ndinamva siteji ikulira ndi kulemera kwawo, amayi ena awiri aja ali pambuyo. Anakhala pansi mozungulira, n'kuyamba nyimbo ya maliro chapansipansi, ija yoyenda pang'onopang'ono ngati anthu onyamula bokosi. Mmodzi wa iwo anayang'ana Jayden ali gone yekha, wosafunda, n'kunena kuti nayenso ndi mwana wa munthu. Anavula juzi yake n'kumufunditsa. Jayden, yemwe chiyambire sankatha kufa osaseka, anagona phee ngati mwala.

Bambo, ndinamva pambuyo pake, anadzuka n'kutuluka panja. Iwo amati anatero chifukwa pamaliro amuna amakhala panja. Woyang'anira holo anawapeza atatsamira khoma, nkhope itabisika m'jekete.

Anzanga a m'seweromo anangoima kakasi, malupanga a makatoni ali m'manja. Chingerezi chonse chija cha mwezi ndi nyenyezi chinawathawa. Mayi Doyle, ndiwayamikire pamenepa, sanayese kupulumutsa sewero lawo. Anadikira nyimbo ifike kumapeto, kenako anatseka katani pang'onopang'ono ndi manja awo.

Kunja kwa katani holo inaphulika ndi m'manja. Anthu anaimirira. Ena ankalira, ena ankaimba mluzu. Pambuyo pake makolo anazungulira Mayi Doyle kuwayamikira chifukwa cha nzeru zawo zophatikiza chikhalidwe cha ku Africa m'sewero lachingerezi, ati zinali zatsopano, zolimba mtima, zoyenera dziko la mitundu yambiri ngati lino. Bambo wina wa ndevu anafunsa Mayi Chirwa kuti gawo lawolo analiyeserera nthawi yaitali bwanji. Mayi Chirwa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumuyankha kuti moyo wawo wonse.

Koma zimenezo zinali za kunja. Kuseri kwa katani, m'kamdima konunkha fumbi, mayi anamaliza kulira, anamina, anapukuta kumaso ndi duku. Kenako ananditsina pantchafu, kutsina kwenikweni kosiya chizindikiro.

"Dzuka. Pansi pakuzizira apa."

Ndinatsegula maso. Nkhope yawo inali yotupa, koma inali itamasuka koyamba chimwalirireni agogo.

"Tandiitana," anatero.

"Mami."

"Ayi. Bwinobwino."

"Amayi. Ndili pano, amayi."

Anandikoka n'kundipanikiza pachifuwa mpaka nthiti zinawawa. Atandisiya ananena kuti diresi imeneyo ndi yaifupi kwambiri ndipo ndisadzaivalenso, n'kutenga chitenje chawo n'kuchikutumula.

Pasiteji sindinakwerenso. Sikuti anandiletsa ayi, kungoti imfa imodzi inandikwana. Lero ndine mayi wa ana awiri omwe ndikawayankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi cha m'mphuno, ndipo ndikakwiya ndimadzimva ndikulankhula mawu a mayi anga enieni. Bambo anadzapeza ntchito pa galaja ina ya mabasi, ndipo ngakhale migodi inadzukanso n'kuyamba kukodola anthu, iwo anati ndege akwera zokwanira. Maliro a pafoni nawo anapita patsogolo. Masiku ano chithunzi sichidukanso, bokosi limatsika bwinobwino mpaka pansi, ndipo timakhuza tili m'sitima ya ku Joondalup, chala chimodzi chikutumiza kankhope kolira, chinacho chikuyang'ana mitengo ya nsapato. Tazolowera, ndipo akuti kuzolowera n'chitukuko. Sewero lija ndinakalioneranso kamodzi m'tauni, lochitidwa ndi akatswiri enieni. Mtsikana anafa bwino kundiposa, anagona yekha miyendo ili pamtunda, ndipo ine ndinakhala pampando wanga ngati wina aliyense, chokoleti chili m'manja.

Mayi anapuma pantchito, msana unawakana. Mwezi wathawu ndinawaperekeza kuchipatala kukayezetsa mtima, ndipo tili pamzere anayamba nkhani ngati akunena za mtengo wa anyezi. Anati zoti adzaikidwe kuno kapena ku Kasungu alibe nazo ntchito, tidzaone tokha ndi matumba athu. Chimene akufuna n'chimodzi. Ndisadzawasiyire anthu a shifiti, ngakhale atakhala aulemu chotani, ndipo ndisadzawaonere pafoni. Ndidzabwere ndekha ndidzawagoneke.

"Udzatha?" anandifunsa, akundiyang'ana ngati ndikufunsira ntchito.

Ndinafuna kuyankha zoseka monga mwa chizolowezi changa, koma ndinangovomera ndi mutu. Ndidzatha, chifukwa anandiphunzitsa okha pathupi langa lomwe. Umayambira kumapazi.